Holo ya kanema: bwanji sikufa kunjaku, nanga kwathu kuno tataya chiyani poisowa?

Mukamadutsa pamsika wa Ndirande, Bangwe kapena Kawale chakumadzulo, simulephera kumva phokoso la zibakera ndi mfuti likutuluka m'kanyumba kena ka malata. Pakhomo pamakhala nsalu yakuda, pambali pake bolodi lolembedwa ndi choko: filimu ya 2 koloko, ina ya 4 koloko, usiku mpira. Imeneyo ndiye vidiyo sho, ndipo ambiri a ife kanema tinamudziwira mmenemo, titapanikizana pabenchi, thukuta lili kamukamu.

Ndiye nkhani ya holo yeniyeni ya kanema ikabwera m'magulu a pa WhatsApp, ija ya mipando yawofuwofu ndi sikirini yaikulu ngati khoma la tchalitchi, sipalephera wina wofunsa kuti, "Za chiyani zimenezo? Foni ndili nayo, bandulo ndagula, filimu ndionera pabedi." Funsoli n'lomveka. Koma yankho lake likukhudza zambiri kuposa malo okhala poonera. Likukhudza mmene ndalama imayendera m'dziko la zisangalalo, komanso chifukwa chomwe mnyamata kapena mtsikana wopanga filimu kuno kwathu amavutikira kubweza ndalama yomwe analowetsa. Tiyeni tiione bwinobwino.

Zonse zinayamba ndi tikiti

Pa 28 December 1895, anyamata awiri apachibale a ku France, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa timafilimu 10 m'chipinda chapansi cha Grand Café mumzinda wa Paris. Kafilimu kalikonse sikankafika ngakhale mphindi imodzi, ndipo kanalibe mawu. Chomwe chimachititsa kuti tsikuli lizikumbukiridwa n'chakuti anthu analipira pakhomo kuti aonere limodzi. Bizinesi ya kanema inabadwira pamenepo: chipinda chamdima, gulu la anthu, ndi munthu wotolera ndalama pakhomo.

Pofika 1905, mumzinda wa Pittsburgh ku America munatsegulidwa kaholo kotchedwa Nickelodeon, komwe polowa ankalipira masenti 5 okha. Timaholo totere tinafalikira msanga m'madera a anthu ogwira ntchito m'mafakitale. Tinali tating'ono, totentha, todzaza ndi ana komanso anthu osauka. Kunena mosapsatira, anali mavidiyo sho a nthawi imeneyo. Ndalama zomwe zinkatoleredwa m'timaholo timeneti n'zomwe zinakuza bizinesiyi, ndipo ena mwa omwe anayambitsa makampani akuluakulu a ku Hollywood, monga abale a Warner, anayamba ndi kuonetsa kanema asanayambe kupanga mafilimu awoawo.

Choncho holo sinabwere pambuyo ngati chokongoletsera. Mafilimu anakula chifukwa panali malo owagulitsira.

Ndalama ya tikiti imapita kuti?

Pa filimu iliyonse yomwe ikuonetsedwa m'holo pamakhala magulu atatu. Pali wopanga filimu, yemwe amalipira ochita zisudzo, ojambula ndi zipangizo. Pali wogawa filimu, yemwe amaitsatsa ndi kuifikitsa m'maholo. Ndiye pali mwini holo.

Ndalama ya tikiti amagawana. M'mayiko ambiri, pafupifupi theka limatsala kwa mwini holo, theka lina n'kupita kwa wogawa, yemwe amachotsapo gawo lake ndi ndalama zomwe anawononga potsatsa, zotsalazo n'kupereka kwa wopanga. Pa mafilimu akuluakulu omwe aliyense akuwadikira, eni filimu amatenga gawo lokulirapo, makamaka masabata oyambirira.

Tingoyerekeza kuti tikiti ndi K10,000. Mwini holo watsala ndi K5,000, ndipo pa ndalama imeneyo alipire lendi, magetsi, antchito, msonkho, ndi kukonza makina. Mukuona nokha kuti phindu ndi lochepa. N'chifukwa chake m'maholo mbuliwuli ndi zakumwa zimadula mochita kudabwitsa. Chimanga chothethetsa chija mtengo wake wogulira ndi wochepa kwambiri, ndipo ndalama yake mwini holo sagawana ndi wina aliyense. Chizolowezichi chinakhazikika ku America m'zaka za m'ma 1930, nthawi yomwe chuma chinagwa, eni maholo atazindikira kuti tizakudya timeneti ndi tomwe tingawapulumutse. Ndalama ina imachokera ku malonda omwe amaonetsedwa filimu isanayambe.

Kugawana kumeneku n'komwe kumachititsanso kuti muzimva zoti filimu yatolera ndalama zambirimbiri komabe yaluza. Ngati anawononga madola 200 miliyoni poipanga, kutolera madola 200 miliyoni m'maholo sikukwanira, chifukwa theka latsala kwa eni maholo ndipo ndalama zotsatsira sizinawerengedwe. Akatswiri a bizinesiyi amayerekeza kuti filimu yaikulu imayenera kutolera kawiri kapena kuposerapo pa ndalama yomwe inapangira kuti ingobweza mpamba.

Holo ndi msika woyamba pa mzere wa misika

Apa ndiye pagona nkhani. Filimu sigulitsidwa kamodzi. Imagulitsidwa kangapo, m'misika yotsatizana. Imayambira m'holo, komwe munthu aliyense amalipira payekha. Kenako imapita kwa omwe akufuna kugula kapena kubwereka kuti aonere kunyumba, kale pa tepi ndi DVD, pano pa intaneti. Ikachoka apo imalowa pa malo olipira pamwezi monga Netflix kapena DStv, ndipo pamapeto pake imafika pa wailesi za kanema zaulere.

Zili ngati chambo cha pa Mangochi. Chachiwisi chongovuulidwa kumene chimagulidwa modula, chotsala amachiwamba n'kukagulitsa patsogolo pamtengo wina. Nsomba ndi yomweyo, koma misika yake ndi yosiyana.

Kuti mzerewu uyende, eni maholo amapatsidwa nthawi yoti filimu izipezeka kwa iwo okha. Matenda a Covid-19 asanabwere, ku America nthawiyi inali pafupifupi masiku 90. Mukafuna kuonera msanga, munkayenera kugula tikiti basi.

Msika woyambawu ndi womwe umaika mtengo wa misika inayo. Filimu ikadzaza maholo, manyuzipepala amailemba, anthu amaikamba pa TikTok ndi pa Facebook, ochita zisudzo ake amatchuka, ndipo wailesi ya kanema ikabwera kudzaigula, mwini wake amatchula mtengo molimba mtima chifukwa ali ndi umboni woti anthu akuifuna. Ziwerengero za matikiti zimalengezedwa sabata iliyonse, aliyense n'kuziona. Nyimbo za mufilimu, zovala, zidole ndi magemu zimatsatira kutchuka komweko. Holo ili ngati sikelo ya pamsika yomwe onse amaikhulupirira.

Nanga filimu imafika bwanji pa sikirini?

Kale filimu inkabwera m'zitini zolemera, ili pa tepi yaitali yokulungidwa pamagudumu, ndipo kope lililonse linkadula. Maholo a m'mayiko akutali ngati kwathu kuno ankalandira makope omwe azungulira kale kwina, atakalikakalika, patapita miyezi yambiri. Kuyambira cha m'ma 2010, pafupifupi maholo onse anasinthira ku makina a dijito. Pano filimu imabwera ngati fayilo yaikulu yotchedwa DCP, pa hadi disiki kapena kudzera pa intaneti. Fayiloyo imakhala yokiyidwa. Wogawa filimu amatumiza kiyi yake payokha, ndipo kiyiyo imagwira pa makina a holo imodzi yokha, kwa masiku omwe agwirizana. Masiku akatha, filimu siseweranso.

Makina amenewa ndi odula, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Koma popanda iwo, makampani a ku Hollywood sangakupatseni filimu yatsopano, chifukwa amaopa kuti mawa lomwe ipezeka ikubenedwa pamsika. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe kutsegula holo yamakono sikufanana ndi kungogula pulojekita ndi masipika.

Anthu akhala akuilira maliro kangapo

Holo ya kanema yalengezedwa kuti yafa maulendo ambiri. M'zaka za m'ma 1950, wailesi ya kanema italowa m'nyumba za anthu ku America, chiwerengero cha opita kumaholo chinatsika kwambiri. Makampani anayankha ndi masikirini otambalala komanso mafilimu amitundu omwe TV ya nthawiyo sinkatha kuonetsa. Mu 1975 kunatuluka Jaws, mu 1977 Star Wars, ndipo zinaoneka kuti filimu imodzi yaikulu ikhoza kukoka dziko lonse nthawi imodzi. M'ma 1980 kunabwera matepi a VHS, anthu n'kumati basi zatha, koma matepiwo anangosanduka msika wina pa mzere uja.

Nkhonya yowawa zedi inabwera mu 2020. Chaka cha 2019, maholo a padziko lonse anatolera madola oposa 42 biliyoni. Mu 2020, maholo atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndalamayi inatsika kufika cha m'ma 12 biliyoni. Ku South Africa, kampani ya Ster-Kinekor, yomwe ili ndi maholo ambiri kumeneko, inalowa m'ndondomeko yopulumutsa bizinesi kumayambiriro a 2021. Makampani opanga mafilimu anayamba kudumpha mzere. Mu July 2020, Universal inagwirizana ndi AMC, kampani yaikulu ya maholo ku America, kuti mafilimu azitha kupita pa intaneti patangotha masiku 17. Mu 2021, Warner Bros. inatulutsa mafilimu ake onse a chaka chimenecho m'maholo ndi pa HBO Max tsiku limodzi.

Sizinakhalitse. Filimu ikangofika pa intaneti, kope loyera bwino limabedwa tsiku lomwelo, ndipo banja lonse limaonera pa ndalama ya munthu mmodzi. Makampani anabwerera ku njira yoyambira m'holo, ngakhale nthawi yake inafupika: pano mafilimu ambiri akuluakulu amakhala m'maholo okha kwa masiku pafupifupi 45. Pa 21 July 2023, Barbie ndi Oppenheimer zinatuluka tsiku limodzi, achinyamata n'kusandutsa nkhaniyi kukhala nthabwala pa intaneti, kuvala zapinki n'kukaonera onse awiri. Barbie inatolera madola oposa 1.4 biliyoni, Oppenheimer oposa 900 miliyoni, chikhalirecho ndi filimu ya maola atatu yokamba za asayansi.

Tisanamizane, maholo sanabwererebe pomwe anali mu 2019. Mafilimu apakatikati, monga a chikondi ndi a nthabwala, ambiri akupita molunjika pa intaneti, ndipo anthu akusankha mosamala choti akaonere kunja. Koma taonani izi: Netflix yomweyo, yomwe amati ndiyo ikupha maholo, imayendetsa holo ya Paris Theater ku New York, ndipo inagula Egyptian Theatre ku Hollywood mu 2020. Chifukwa china n'chakuti mphotho za Oscars zimafuna kuti filimu ionetsedwe kaye m'holo yolipiritsa kwa masiku 7 otsatizana. Ulemu wa filimu ukuyambirabe pa sikirini yaikulu.

Chomwe holo imagulitsa kwenikweni

Aliyense yemwe anaonerapo mpira wa Manchester United ndi Arsenal mu vidiyo sho akudziwa kuti si chimodzimodzi ndi kuonera wekha pafoni. Chigoli chikalowa, denga limachita kugwedezeka. Filimu ya nthabwala imaseketsa kwambiri mukakhala ambiri, yoopsa imaopsa kwambiri mnzako wapambali akadzidzimuka. Foni imakupatsa filimu, koma meseji ikalowa waimitsa, mayi akaitana waimitsa, bandulo ikatha ndiye basi. M'holo, kwa maola awiri, palibe chokusokoneza.

Komanso holo ndi kopita. Ndi malo omwe mnyamata angatengereko chibwenzi chake popanda mowa, komwe makolo angapite ndi ana Loweruka masana. N'chifukwa chake eni misika ikuluikulu yamakono amakonda kukhala ndi holo ya kanema m'nyumba zawo: wobwera kudzaonera filimu amadya, amagula, amakwera takisi kapena kabaza. Mpikisano weniweni wa holo suli ndi Netflix yokha. Uli ndi bala, shoo ya oimba, bwalo la mpira, malo obetchera, chilichonse chomwe chimafuna ndalama ndi madzulo a munthu.

Eni maholo anazindikira zimenezi, ndipo pano saonetsa mafilimu okha. Mu October 2023, woimba Taylor Swift anatulutsa kanema wa shoo yake ya Eras Tour kudzera ku AMC, ndipo anatolera madola oposa 260 miliyoni. Ena amaonetsa nkhonya, mpira ndi zisudzo za pabwalo. Apa ndiye mwini vidiyo sho wa ku Mbayani akhoza kuseka, chifukwa iye nzeru yosakaniza filimu ndi mpira anayamba kalekale.

Kwina holo imachita kukhala mbali ya moyo wa mzinda. Ku Mumbai, holo ya Maratha Mandir yakhala ikuonetsa filimu ya Shah Rukh Khan ndi Kajol, Dilwale Dulhania Le Jayenge, kuyambira 1995, kupatula nthawi ya Covid-19. Ku Saudi Arabia, komwe maholo analetsedwa kwa zaka zoposa 30, boma linawatsegulanso mu April 2018 poonetsa Black Panther, pofuna kuti achinyamata aziwononga ndalama zawo za zisangalalo m'dziko momwemo.

Nanga kwathu kuno?

Kanema si wachilendo pa Malawi. M'zaka za m'ma 1930, atsamunda ankayenda ndi magalimoto oonetsa kanema m'midzi ya Nyasaland, ndipo dziko litalandira ufulu, boma linapitiriza njirayi pophunzitsa za ulimi ndi zaumoyo. Funsani agogo anu za kanema wa pabwalo la sukulu, akuuzani. M'tauni munali maholo enieni, ndipo akuluakulu a mu Blantyre amakumbukirabe Apollo, komwe ankavalira bwino popita. Mafilimu onse ankadutsa kaye ku bungwe lowaunika, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo mbali zomwe ankaziona kuti n'zosayenera ankazidula. Kumbukirani kuti dziko lino linalibe wailesi yakeyake ya kanema mpaka 1999, pomwe Television Malawi inayamba.

Matepi a vidiyo atafika, zinthu zinatembenuka. Munthu wokhala ndi TV, deki ndi batire kapena jenereta ankatha kutsegula malo ake m'dera lomwe anthu amakhala, pamtengo wa mandasi awiri, osafunika kukwera minibasi kupita m'tauni. Maholo akale anatha mmodzimmodzi. Kenako kunabwera ma DVD, mafulashi ndi mamemori khadi, n'kubweranso anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, omwe amachititsa Jet Li kuyankhula ngati wa pa Chinsapo. Omwe anayesa kutsegula maholo amakono m'misika ikuluikulu akumana ndi mavuto odziwika: ndalama zakunja zolipirira mafilimu ndi makina, mafuta a jenereta magetsi akathima, ndi tikiti yomwe mtengo wake ukufanana ndi ndiwo za masiku angapo.

Vutoli si lathu lokha. Lipoti la UNESCO la 2021 linapeza kuti Africa yense ali ndi masikirini a kanema 1,653 okha, kutanthauza sikirini imodzi pa anthu pafupifupi 787,000. Palibe chigawo china cha dziko lapansi chomwe chili ndi ochepa chonchi.

Ndiye musamve wina akunena kuti Amalawi sakonda kuonera kanema pagulu. Mavidiyo sho akutsutsa zimenezo tsiku lililonse. Anthu amalipira pakhomo, monga ankachitira ku Paris ndi ku Pittsburgh. Kusiyana kwake n'kumodzi, koma n'kwakukulu: ndalama ya mu vidiyo sho imathera kwa mwini malo ndi wobena filimu. Palibe tambala yomwe imabwerera kwa yemwe anaipanga. Unyolo uja wa anthu atatu unaduka pakati.

Yemwe akumva kuwawa ndi wopanga filimu

Luso lilipo. Joyce Mhango Chavula anapambana mphotho ya filimu yabwino ya kummwera kwa Africa pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Shemu Joyah, yemwe anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, anapambana mphotho yomweyo mu 2018 ndi The Road to Sunrise, filimu yomwenso inaimira Malawi ku mpikisano wa Oscars. Fatsani ya Gift Sukez Sukali inatsatira njira yomweyo. Mu 2019, The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba yomwe Chiwetel Ejiofor anajambulira ku Kasungu, mbali yaikulu ili m'Chichewa, inaonetsedwa padziko lonse kudzera pa Netflix. Tinene zoona, ambiri a ife tinaionera pa fulashi ya mnzathu.

Tsono taganizirani njira yomwe wopanga filimu wa kuno amadutsa. Wasonkha ndalama, mwina wakongola, wajambula. Poti palibe maholo oti filimu ikhalemo masabata angapo, amachita lendi holo ya pahotela kapena ya misonkhano ngati BICC kwa usiku umodzi, n'kubwereka sikirini ndi masipika. Kuti abweze zonsezo pa usiku umodzi, tikiti imakwera mtengo, ndipo obwera amakhala okhawo a m'thumba mwabwino. Akachita mwayi abwereza ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Zikatha apo, filimu imapita pa YouTube, komwe ndalama yochokera kwa oonera a kuno ndi yochepa, kapena imagwera m'manja mwa obena. Lamulo loteteza eni luso lilipo, linakonzedwanso mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA lilipo, koma fayilo ikangolowa m'mafoni palibe angaibweze.

Zotsatira zake n'zomwe timadandaula tokha pa Facebook: ochita zisudzo osalipidwa mokwanira, mawu osamveka bwino, filimu yachiwiri yochedwa zaka. Mabanki ndi makampani sangaike ndalama pa chinthu chomwe palibe sikelo yoonetsa kuti chimagulitsa bwanji.

Zomwe anachita a ku Nigeria

Nigeria inadutsa njira yofanana ndi yathu. Maholo ake ambiri anatsekedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo Nollywood inakulira pa matepi, kuyambira ndi Living in Bondage ya 1992. Mafilimu ankapangidwa mwachangu, motchipa, ndipo akuba ankadya phindu lalikulu. Mu 2004, kampani ya Silverbird inatsegula holo yamakono ku Lagos, ena n'kutsatira. Poyamba ankaonetsa kwambiri za ku Hollywood, koma opanga mafilimu a konko ataona kuti pali malo ogulitsira, anayamba kuika ndalama zambiri pa ubwino wa chithunzi ndi mawu. The Wedding Party ya 2016 inaphwanya mbiri ya matikiti, ndipo A Tribe Called Judah ya Funke Akindele, yomwe inatuluka mu December 2023, inakhala filimu yoyamba ya Nollywood kutolera manaira oposa 1 biliyoni m'maholo. Pomwe Netflix ndi Amazon ankabwera kudzagula mafilimu a ku Nigeria, anapeza msika uli kale ndi mitengo yake.

Ku China nako, filimu ya zidole ya Ne Zha 2 inatolera madola oposa 2 biliyoni mu 2025, pafupifupi yonse kuchokera kwa oonera a m'dziko momwemo. Dziko lokhala ndi maholo ake silidikira alendo kuti filimu yake ipindule.

Inde, Nigeria ili ndi anthu oposa 200 miliyoni, ife tili cha m'ma 20 miliyoni, ndipo matumba athu ndi osiyana. Sitingakopere zonse. Koma mfundo yake ikugwira kulikonse: pakakhala khomo lomwe ndalama ya woonera imadutsira mpaka kwa wopanga, mafilimu amakula.

Tingayambire pati m'tauni mwathu?

Sitiyenera kudikira holo ya magalasi ndi makina a mamiliyoni. Mafilimu athu safuna kiyi yochokera ku Hollywood. Pulojekita yabwino, masipika omveka, chipinda chamdima ndi magetsi a sola kapena jenereta n'zokwanira. Pafupifupi tauni iliyonse ili ndi holo ya khonsolo, ya sukulu kapena ya mpingo yomwe imangokhala yotseka masiku ambiri pa sabata. Chomwe chikusowa ndi chizolowezi: tsiku lodziwika, mwachitsanzo Lachisanu lililonse, mtengo woti wophunzira angakwanitse, ndi mgwirizano wolembedwa wa mmene mwini holo ndi mwini filimu agawanirane za pakhomo.

Mavidiyo sho nawo asaonedwe ngati adani. Alipo ambirimbiri, ali komwe kuli anthu, ndipo eni ake amadziwa zomwe oonera amakonda kuposa wina aliyense. Ali ndi zofooka zake zomwe makolo amadandaula nazo, monga ana ojomba kusukulu, mafilimu osayenera msinkhu wawo, ndi tizipinda ta khomo limodzi toti moto utabuka zingavute. Khonsolo ikamapereka ziphaso iyenera kuyang'ana zimenezi. Koma malo omwewa atalumikizidwa ndi opanga mafilimu, kuti filimu yatsopano ya Chichewa izifika kwa iwo mwalamulo sabata yoyamba, iwo n'kumapereka kagawo ka za pakhomo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, tikhoza kupezeka kuti masikirini tinali nawo kale.

Mbali inayo ndi yathu oonerafe. Filimu ya kwathu ikamaonetsedwa pafupi, tiyeni tigule tikiti m'malo modikira kuti mnzathu atitumizire. Mukapita, musajambule sikirini ndi foni n'kuponya pa sitetasi, chifukwa kumeneko n'kuba msika woyamba wa munthu yemwe mwina sanamalize kubweza ngongole. Ndipo khansala wa dera lanu akabwera ndi nkhani za chitukuko, mufunseni kuti holo ya khonsolo imachita chiyani Lachisanu usiku.

Inu filimu yanu yoyamba kuonera pagulu inali iti, ndipo munaonera kuti? Ndipo filimu ya Chichewa itabwera pa holo ya m'dera lanu, mungalipire zingati?